Mmene timalawira mowa wa craft, kuulemba m'kope ndi kusinthana mabotolo

Pagulu lathu tilipo anthu 6. Timakumana kamodzi pa mwezi, aliyense atanyamula botolo kapena chitini cha mowa wa craft, uja wofululidwa ndi timafakitale ting'onoting'ono timene sitiopa kusintha kafululidwe. Chaka choyamba tinkangomwa n'kumayamikirana. Zinthu zinasintha tsiku limene alamu anga anaika matambula awiri patsogolo pa munthu aliyense, n'kutiuza kuti la kumanzere muli mowa wotchuka umene anthu amaulimbirana, la kumanja muli wamba. Tonse tinati wa kumanzere ukununkhira kwambiri. Ine ndinafika ponena kuti wa kumanjawo ndi wamadzimadzi. Kenako alamuwo anatulutsa zitini zimene anathirako: zinali za mowa umodzi, wotsekeredwa m'zitini tsiku limodzi. Palibe amene ananama dala. Tinalawa ndi makutu, lilime linangovomera. Kuyambira pamenepo tinapangana dongosolo limene ndikufotokozereni pano, ndipo tsinde lake ndi ili: lawani kaye, lembani kaye, dzina la mowa ndi maganizo a anzanu zibwere pambuyo.

Musanatsegule botolo loyamba

Musachulutse mitundu. Ife malire athu ndi mitundu 6 pa tsiku, ndipo kawirikawiri timalekezera pa 5. Lilime limatopa, makamaka ndi mowa wowawa, moti mukapitirira pamenepo zonse zimangomveka ngati mowa basi. Botolo la mamililita 330 limakwanira anthu 4, aliyense pafupifupi 80, ndipo la mamililita 750 limatikwanira tonse n'kutsalako. Muyezo umenewu umaoneka wochepa kwa munthu wozolowera kumwa botolo lonse yekha, koma ndi wokwanira kununkhiza, kulawa katatu kapena kanayi, ndi kusiyako pang'ono kuti mudzaubwererenso kuzizira kukachepa.

Woyendetsa galimoto timamusankha tisanayambe, ndipo ameneyo ndiye amakhala wothira. Amatenga mabotolo onse kupita nawo kuseri, kuwakulunga m'mapepala, kuwalemba manambala, n'kumabweretsa limodzilimodzi. Iye amanunkhiza nafe koma samwa, ndipo mwezi wotsatira udindowo umapita kwa wina. Wothirayo amaloledwa kutiuza chinthu chimodzi chokha, mtundu wa mowawo: kuti iyi ndi pilsner (mowa wopepuka wachikasu), iyi ndi stout (mowa wakuda), iyi ndi gueuze (mowa wowawasa wa ku Belgium). Dzina la ofulula satchula. Mtundu tiyenera kuudziwa chifukwa simungaweruze mowa musakudziwa chimene ofulula ankafuna kupanga. Kuwawasa mu gueuze ndiwo ulemerero wake, koma kuwawasa komweko mu pale ale, mowa wachikasu wowawirako, kumasonyeza kuti tizilombo tosafunika tinalowamo.

Matambula akhale ofanana kwa onse, oonekera, opanda zojambula, ndipo ngati n'kotheka ofutukuka pamimba koma opanikizika kukamwa, ngati aja omwera vinyo, kuti fungo lizisonkhana. Nkhani ya kutsuka ndimaiumirira kwambiri. Mafuta alionse, ngakhale opaka pamilomo, ndiponso sopo wotsalira, zimapha thovu. Mukathira mowa n'kuona tithovu tatikuluko tamatirira m'mbali mwa tambula pansi pa mowa, dziwani kuti pamenepo pali litsiro. Tambula loyera bwino limasiya mizere ya thovu yozungulira mukamamwa. Musalipukute ndi nsalu ya kukhitchini; litsukuluzeni ndi madzi ozizira mutatsala pang'ono kuthira. Ndipo musaliike mufiriji kuti lichite chisanu, chifukwa kuzizira kopitirira kumatseka fungo.

Patebulo pakhale madzi akumwa ambiri, kope ndi cholembera kwa aliyense. Pasakhale wosuta fodya pafupi, wodzola mafuta onunkhira kwambiri, kapena mphika umene uli pamoto.

Za kazizidwe, anthu ambiri amalakwitsa mbali imodzi yokha: amazizitsa mopitirira. Pilsner ndi ma lager ena opepuka (mowa wowiritsidwa ndi yisiti pamalo ozizira) amakoma pa madigiri 4 mpaka 7 Celsius, pale ale ndi IPA (pale ale wowawa kwambiri) pa 7 mpaka 10, pamene stout wamphamvu ndi mowa wakuda wa ku Belgium zimafuna 10 mpaka 13. Firiji yapanyumba imazizitsa kuposa pamenepa, choncho mabotolo amphamvuwo atulutseni mphindi 20 kapena 30 nthawi yake isanakwane. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndaonapo stout amene poyamba ankangomveka ngati makala ozizira, koma patapita mphindi 15 m'tambula anatulutsa fungo la khofi, chokoleti ndi zipatso zouma.

Ndondomeko yake ndi yosavuta: yambani ndi wopepuka, malizani ndi wamphamvu. Wowawa kwambiri asatsogole wofewa. Wonunkhira utsi, monga rauchbier wa ku Bamberg amene chimera chake chimaumitsidwa pa moto wa nkhuni, akhale womaliza ndithu, chifukwa utsiwo umakanirira m'kamwa ndi m'tambula momwe.

Kulawa kwenikweni

Wothira apendeke tambula poyamba, kenako aliimike pamene lafika pakati, kuti pabwere thovu lokwana ngati zala ziwiri. Thovu si chinyengo cha ogulitsa ayi; ndi limene limanyamula fungo kulibweretsa kumphuno. Ngati pansi pa botolo pali nsenga za yisiti, athire mofatsa n'kuzisiya m'botolomo, kupatula mowa watirigu wa ku Bavaria umene nsengazo zimafunika kulowa nawo.

Tambula likangofika m'manja mwanu, nunkhizani. Musayambe ndi kuyang'ana mtundu, chifukwa mtundu sukuthawa koma fungo lina limatha m'masekondi ochepa. Kokani mpweya pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, osati kamodzi mwamphamvu. Kenako phimbani tambula ndi chikhatho, lizungulizeni pang'ono, vundukulani n'kununkhizanso. Mphuno ikatopa, nunkhizani mkono wa malaya anu, imabwerera m'malo. Apa lembani mawu oyamba amene akubwererani, ngakhale aoneke achibwana.

Mukatha apo yang'anani mtundu, kuyera kapena kuderako kwake, ndi mmene thovu likukhalitsira. Pamenepa sinditaya nthawi. Mizere iwiri yakwana.

Ndiye imwani pang'ono, muuyendetse m'kamwa monse, ndipo mumeze. Olawa vinyo amalavula, koma mowa uwu umamezedwa, chifukwa kuwawa kwake ndi zimene zimatsalira kukhosi ndi mbali ya nkhani yake. Mukameza tsekani pakamwa n'kutulutsira mpweya m'mphuno. Fungo lina limene simunalimve poyamba limatulukira pamenepo. Kumwa koyamba kumangodzutsa lilime, choncho musaweruze nako. Kwachiwiri mvetserani chimene chikuyamba, chimene chili pakati, ndi chimene chikutsala. Kwachitatu iwalani kakomedwe, mvetserani thupi la mowawo: kodi ndi wopyapyala ngati madzi kapena wolemera ngati mkaka, mpweya wake ukubaya lilime kapena ndi wofewa, kodi ukuumitsa m'kamwa ngati tiyi wokhalitsa m'ketulo, kodi ukutentha pakhosi.

Chimene chinandithandiza kwambiri kuposa zonse ndi kudzifunsa funso limodzi pa fungo lililonse: kodi lachokera kuti? Magwero ake ndi anayi, chimera, hops (maluwa a chomera china choyanga amene amathiridwa pofulula), yisiti ndi madzi. Chimera cha balere chimapereka fungo la buledi, bisiketi, shuga wopsereza, mpaka khofi ndi chokoleti ngati chakazingidwa kwambiri. Hops amapereka kuwawa ndi fungo la maluwa, udzu, utomoni wa paini kapena zipatso ngati malalanje. Amene analawapo Sierra Nevada Pale Ale, wofululidwa ku California kuyambira 1980, amadziwa fungo la hops wotchedwa Cascade. Yisiti ndiye amasokoneza anthu ambiri. Mnzathu wina analimbikira kuti mu mowa watirigu wa ku Bavaria anathiramo nthochi, koma mulibe nthochi ngakhale imodzi: fungo limenelo, pamodzi ndi lija lokhala ngati la clove, chokometsera zakudya, amalipanga ndi yisiti pamene mowa ukuwira. N'zochititsa chidwi kuti lamulo la ku Bavaria la 1516 lonena za zopangira mowa linatchula madzi, balere ndi hops basi, yisiti osamutchula, ndipo panapita zaka zambiri mpaka 1883 pamene Emil Christian Hansen, ku labotale ya Carlsberg mumzinda wa Copenhagen, anakwanitsa kupatula mtundu umodzi wa yisiti woti ofulula azigwiritsa ntchito pawokha.

Madzi nawo ali ndi mawu ake. Pilsner woyamba, amene Josef Groll anafulula ku Plzeň, m'dziko limene lero ndi Czech, mu 1842, anatheka chifukwa cha madzi ofewa a kumeneko, amene amalola kuwawa kwa hops wa Saaz kukhala kosalala. Ku Burton upon Trent, ku England, madzi ali ndi mchere wambiri wa gypsum umene umachititsa kuwawa kukhala kouma ndi kwakuthwa, ndipo n'chifukwa chake tauniyo inatchuka ndi pale ale. Mukaika mitundu iwiriyi pafupi mudzamva kuti mawu akuti "wowawa" ali ndi nkhope zingapo.

Pa zitini zina mumapeza manambala awiri, ABV ndi IBU. ABV ndi mphamvu ya mowa, ndipo muiwerenge ndithu, chifukwa tambula laling'ono la mowa wa 10% si lofanana ndi la 5%. IBU imayeza kuchuluka kwa zinthu zowawa zochokera ku hops, koma musaikhulupirire kwambiri. Stout wotsekemera wa IBU 60 akhoza kumveka wofewa kuposa pilsner wouma wa IBU 40, chifukwa shuga wotsalira amaphimba kuwawa. Lembani zimene lilime lamva, nambalayo muione pambuyo.

Kuzindikira mowa wolakwika

Apa ndikhalitsapo, chifukwa gulu limene silidziwa zolakwika limadzudzula ofulula osalakwa, ndiponso limasinthana mabotolo owonongeka popanda wodziwa.

Fungo loyamba kuliphunzira ndi la kanyimbi. Limabwera kuwala kukagunda mowa n'kuphwanya zinthu zowawa za hops, ndipo sizitenga nthawi: tambula loikidwa padzuwa likhoza kuyamba kununkha m'mphindi zochepa. Botolo labulauni limatchinga kuwala kwambiri, lobiriwira pang'ono chabe, loyera silitchinga n'komwe, pamene chitini sichilowetsa kuwala kulikonse. Mukhoza kuliphunzira nokha: thirani pilsner m'matambula awiri, limodzi muliike padzuwa mphindi 10, lina pamthunzi, kenako nunkhizani. Simudzaliiwalanso.

Lachiwiri ndi fungo la katoni yonyowa kapena pepala lakale. Limeneli ndi la mowa wokalamba umene mpweya wa okosijeni unaulowa, ndipo kutentha kumafulumizitsa ukalambawo. IPA wamtundu uja wosaonekera m'kati ngati madzi a zipatso ndiye amafulumira kwambiri: amasintha mtundu kuchoka ku chikasu chowala kupita ku bulauni wotuwa, fungo la zipatso n'kuzimiririka. Mukaona zimenezi yang'anani deti musananene kanthu za ofulula.

Palinso fungo la batala, limene akatswiri amalitcha diacetyl, ndipo nthawi zina limabwera ndi kuterera palilime. Kawirikawiri limasonyeza kuti mowa unachotsedwa pa yisiti msanga, kapena mapaipi othirira ndi akuda. Koma samalani, mu lager wa ku Czech pang'ono pokha ndi pololedwa. Fungo la chimanga chophika ndi la chinthu chotchedwa DMS, chochokera ku chimera chimene madzi ake sanawiritsidwe mokwanira. Fungo la apozi wosapsa ndi la mowa umene unatulutsidwa usanakhwime. Ndipo kuwawasa ngati viniga, kapena fungo la khola la hatchi, kumadalira mtundu: mu lambic, mowa wowawasa, wa ku fakitale ya Cantillon, amene akhala akufululidwa ku Brussels kuyambira 1900 posiya madzi a chimera poyera usiku wonse kuti yisiti wa mumpweya alowemo yekha, fungo lakutchire lotere ndi limene anthu amalifuna. Mu lager wamba ndi matenda.

Mukakayikira ngati mowa uwiri ndi wosiyanadi, chitani zimene ofulula eni ake amachita. Wothira akonze matambula atatu, awiri a mowa umodzi, limodzi la winawo, inu muloze losiyanalo. Tinayesa njira imeneyi ndi chitini chosungidwa mufiriji ndi chinzake cha tsiku lomwelo chimene chinakhala pawindo mwezi wathunthu. Tonse olawa tinaloza chapawindo osazengereza, ndipo kuyambira pamenepo palibe amene amatsutsanso za kasungidwe.

Kulemba ndemanga

Lamulo lathu ndi lakuti pa mowa uliwonse pamakhala mphindi 5 za chete. Palibe kulankhula, palibe kugwedeza mutu, palibe kukwinya nkhope moonetsera. Munthu mmodzi akangoti "ndikumva malalanje", tonse timayamba kumva malalanje. Aliyense akalemba, timawerenga mozungulira, ndipo woyamba kuwerenga amakhala amene wangolowa kumene m'gulu, kuti asatengere mawu a akuluakulu. Kenako wothira amavundukula botolo.

Pogoletsa timabwereka kagawidwe ka bungwe la BJCP, limene lakhala likuphunzitsa oweruza mowa kuyambira 1985. Mapointi onse ndi 50: fungo 12, maonekedwe 3, kakomedwe 20, kamvekedwe ka m'kamwa 5, ndi chithunzi chonse 10. Ndimakonda kagawidwe kameneka chifukwa kamaika maonekedwe pamalo ake, mapointi 3 okha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma ndinawonjezera mzere wanga pansi: kodi ndingamwe tambula lachiwiri? Funso limeneli ndi losiyana ndi mapointi. Pali mowa umene ndinaupatsa 44 chifukwa unafululidwa mwaluso ndipo unakwaniritsa zonse za mtundu wake, komabe sindingaufunenso, popeza ine mowa wotsekemera kwambiri sundikhalira. Kulekanitsa "wapangidwa bwino" ndi "ndaukonda" ndi chilungamo chimene ofulula amayenera kulandira kwa ife.

Pa mawu, lembani zimene mumazidziwa. Musatchule chipatso chimene simunadyepo chifukwa choti munachiwerenga pa chitini. Ngati mowa ukukukumbutsani udzu wongodulidwa kumene, chikopa cha nsapato yatsopano kapena dothi litagwa mvula yoyamba, lembani zimenezo. Mawu akuti "wokoma" ndi "woipa" paokha sathandiza munthu. Yerekezani ndemanga ziwiri izi za m'kope langa. Yakale imati: "Wabwino kwambiri, ndaukonda." Yatsopano imati: "Fungo la khungu la lalanje ndi utomoni, poyamba kutsekemera kwa bisiketi, kenako kuwawa kouma kokhalitsa, thupi lapakati, chitini cha masabata 3." Yachiwiriyo ndikaiwerenga lero mowawo umabwereranso m'kamwa.

Nthawi zonse lembani deti limene mowa unatsekeredwa, deti limene mwaulawa, ndi mmene unasungidwira. Ngati mumaika ndemanga zanu pa Untappd, pulogalamu ya pafoni yogoletsera mowa imene inayamba mu 2010 ndipo imagoletsa mpaka 5, chitani zimenezo mutamaliza kulemba m'kope, ndipo musayang'ane magoledwe a anthu ena musanalawe. Pempho langa lina ndi ili: botolo limene mukudziwa kuti linakalamba kapena linapsa ndi dzuwa musaligoletse pagulu. Kafakitale kakang'ono kamapwetekeka ndi nambala yotsika imene cholakwa chake chinali cha panjira.

Kusinthana mabotolo

Kusinthana kumayamba chifukwa palibe munthu amene angafike kulikonse. Wina wapita ulendo wa ntchito n'kubwerako ndi zitini 4 za mtundu umodzi, wina ali ndi mabotolo amene wakhala akusunga. Timagawana kuti aliyense alawe zambiri. Pamenepa mpamene ubwenzi umayesedwa, choncho tinagwirizana zinthu zingapo.

Choyamba ndi kunena zoona za botolo musanapereke: deti lake, kumene lakhala, ndiponso ngati linayendapo pa kutentha. Ndinaphunzira zimenezi movutika. Ndinalandirapo zitini za IPA kuchokera kwa munthu amene tinkadziwana pang'ono, ine n'kumupatsa mabotolo awiri amene ndinawasamala chaka chathunthu. Nditafika kunyumba ndinatembenuza chitini n'kupeza kuti chinali ndi miyezi 9. Mowawo unali wabulauni, wonunkha katoni. Sindikhulupirira kuti anachita dala, mwina sankadziwa n'komwe kuti deti limakhala pansi pa chitini, koma zinandipweteka, ndipo safunsa anadya phula. Tsopano ndimafunsa deti poyamba, ndipo ndimatumiza chithunzi cha pansi pa chitini changa ndisanapemphedwe. Dziwaninso kuti ena amadinda deti lotsekera, ena deti lomaliza kukoma, ndipo ena amalemba nambala ya tsiku m'chaka, moti 045 ndiye kuti 14 February.

Muyenera kudziwa mowa umene umapirira ndi umene supirira. Wodalira fungo la hops, monga pale ale ndi IPA, ndi wa msangamsanga: ine ndimaufuna usanathe miyezi 3, ndipo ukhale mufiriji nthawi yonseyo. Ofulula IPA wotchedwa Pliny the Elder ku California amachita kulemba pa botolo penipeni kuti usungidwe pozizira ndipo usakalambitsidwe. Pilsner ndi mowa watirigu nazonso zimakoma zili zatsopano. Koma stout wamphamvu, barley wine (mowa wa balere wamphamvu ngati vinyo), mowa wakuda wa amonke a ku Belgium ndi gueuze zikhoza kukhala zaka, zikasungidwa choimirira, pamdima, pamalo ozizirira bwino osasinthasintha. Choncho ngati mnzanu mudzaonana naye pakapita miyezi iwiri, musamusungire IPA. Msungireni stout, IPA mumwe ndi amene ali pafupi.

Nanga kusinthana kolungama n'kotani? Anthu ena amawerengera mtengo wogulira, botolo kwa botolo mpaka zifanane. Njira imeneyi ndi yabwino kwa anthu osadziwana, chifukwa imatseka mikangano. Chimene ndimakana ndi kuwerengera kutchuka, kumati changa n'chosowa choncho undipatse zitatu. Mukayamba zimenezo gulu limasanduka msika. Amonke a ku Sint-Sixtus ku Belgium, amene amafulula mowa wosowa wotchedwa Westvleteren, amagulitsa mowa wawo pa pangano lakuti wogula asakaugulitsenso, ndipo ine ndimaona kuti mzimu umenewo ndi woyenera pakati pa mabwenzi. Botolo losowa kwambiri sitilisinthanitsa n'komwe. Mwini wake amabwera nalo patebulo, tonse n'kulawa. Kupatsa n'kuika. Amene anatsegula botolo lake la mtengo wapatali chaka chatha ndi amene timayamba kumukumbukira wina akabwera ndi chachilendo.

Tili ndi tsamba kumapeto kwa kope la gulu pamene timalemba amene wapereka chiyani kwa yani ndi tsiku lake. Sikuti timakayikirana, koma mutu umaiwala, ndipo kakhumudwitso kakang'ono kosanenedwa kamakula. Ndimalimbikitsanso kuika kabotolo kamodzi kowonjezera m'phukusi, kosapanganika, kamene mukuganiza kuti mnzanuyo sangakagule yekha. Mitundu ingapo imene ndimaikonda lero ndinaidziwa kudzera m'timabotolo totere. Kuti muchite bwino zimenezi muyenera kudziwa lilime la mnzanu, ndipo apa mpamene makope aja amagwira ntchito yachiwiri: ndikudziwa kuti achemwali ena a pagulu lathu sapirira utsi koma amakonda chilichonse chowawasa, chifukwa ndamva ndemanga zawo kwa zaka.

Ponyamula, chitini ndi chosavuta kuposa botolo: n'chopepuka, sichisweka, sichilowetsa kuwala. Botolo lililonse likulungidwe palokha ndi nsalu kapena pepala lochindikala, chitsekerero chimatidwe ndi tepi, liikidwe m'pulasitiki yotsekeka kuti likasweka lisanyowetse zina, ndipo mabotolo asagundane. Mukagwedeza bokosi pasamveke kalikonse. Musalisiye m'galimoto yoima padzuwa, ngakhale kwa ola limodzi. Pa ndege mowa kawirikawiri umayenda m'chikwama chachikulu chopita kunsi, osati cha m'manja, ndipo dziko lililonse lili ndi malire a kuchuluka kwa mowa umene mungalowe nawo. Kutumiza pa positi nako kuli ndi malamulo ake. Ku America, mwachitsanzo, positi ya boma silola kutumiza mowa. Fufuzani malamulo a kumene muli ndi a kumene phukusi likupita, ndipo wolandira akhale wamkulu wololedwa kumwa. Ife timakonda kupatsana pamanja. Botolo likafika, lisiyeni liime mufiriji tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga zikhazikike musanalitsegule.

Mukalawa chimene mwapatsidwa, mubwezereni mnzanuyo mawu. Mutumizireni zimene mwalemba, ngakhale mowawo sunakukomereni. Ngati unali wowonongeka muuzeni mofatsa, mutchule fungo limene mwamva ndi deti limene mwaona, kuti nayenso ayang'ane mabotolo amene atsala kwake.

Kusinthana kumene ndikukuyembekezera kwambiri panopa ndi kwa Orval, mowa wa amonke a ku Belgium umene amauthira yisiti wakutchire wotchedwa Brettanomyces poutsekera m'botolo. Yisiti ameneyu amapitiriza kudya shuga pang'onopang'ono, moti botolo la miyezi iwiri limanunkhira hops, pamene la chaka limakhala louma, lonunkhira chikopa ndi udzu wouma. Deti lotsekera limalembedwa pa chizindikiro cha botolo. Alamu anga aja anandipatsa mabotolo awiri a tsiku limodzi, ine ndinawapatsa stout wanga. Loyamba tinalitsegula mwezi womwewo ndipo ndemanga za anthu 5 zili m'kope. Lachiwiri laima pansi pa kabati, kuseri kwa mabokosi, ndipo ndalimata kapepala kolembapo mwezi umene lidzakwanitse chaka. Tsiku limenelo wina adzabwera ndi latsopano, wothira adzakonza matambula atatuatatu, ndipo masamba akale aja tidzawatsegula titamaliza kulemba atsopano.